Funsani Alangizi: Makhadi atatu a banki imodzi, nanga nditenge liti?

Makalata ambiri amene tinalandira mwezi uno anali okhudza makhadi a ngongole, makamaka aja amene amabwezera mwini wake kangachepe ngati mphotho akamagula zinthu. Tasankhapo atatu, ndipo yoyambayi taipatsa malo aakulu chifukwa mwini wake anatipeputsira ntchito potitumizira manambala onse ofunika.

Okondedwa Alangizi,

Ndine mbadwa ya ku Ntcheu, ndipo ndakhala kuno ku Joni zaka 9 tsopano. Ndimagwira ntchito yowerengera katundu pakampani ina ya mathiraki ku City Deep, pemiti yanga ili bwinobwino, ndipo ndalama imene imalowa mu akaunti yanga pakutha pa mwezi, msonkho atadula kale, ndi R21,000. Masabata awiri apitawo banki yanga inanditumizira uthenga wakuti ndikhoza kutenga khadi la ngongole, ndipo nditapita kunthambi yawo, mtsikana wothandiza makasitomala anandiyalira makhadi atatu patebulo. Lagolide amalipiritsa R75 pamwezi, la platinum R130, ndipo lakuda R260. Iye anakometsera kwambiri lakudalo, nati limabweza mpaka 15 peresenti ya ndalama za golosale, limabwezanso ya petulo, komanso limalowetsa munthu m'chipinda chopumuliramo cha pabwalo la ndege la OR Tambo.

Ndalama zanga zimayenda motere. Lendi ya nyumba ku Rosettenville ndi R6,500, ndipo ndimalipira potumiza ndalamayo ku akaunti ya landilodi. Kumudzi ndimatumiza R3,000 mwezi uliwonse kwa mayi anga, ndipo fizi ya mwana ndi R1,400. Musupamaketi imene ili pamgwirizano ndi bankiyo ndimagula zinthu za pafupifupi R2,300, koma nyama, usipa, ufa ndi ndiwo zamasamba timagula kumsika wa ku Yeoville ndi m'timasitolo ta m'dera lathu, kumene timalipira kashi. Petulo ndimathira malita pafupifupi 75, pomwe zovala, mankhwala ndi tina n'tina zimafika R1,100. Pakapepala kamene anandipatsa, mphotho zili m'masitepe asanu, ndipo anati ine ndiyambira pasitepe yachiwiri. Pasitepe imeneyo lagolide limabweza 2 peresenti musupamaketi, masenti 30 pa lita ya petulo, ndi theka la peresenti pa zina zonse. La platinum limabweza 4 peresenti, masenti 60 ndi theka la peresenti. Lakuda limabweza 5 peresenti, masenti 80 ndi 1 peresenti. Anzanga kuntchito ali ndi lakuda ndipo akundinena kuti ndine woumira. Kodi nditenge liti?

Bambo a ku Rosettenville

Bambo, lakudalo lisiyeni. Ngati mwatsimikiza mtima kuti mukufuna khadi la ngongole, tengani la platinum, koma dziwiranitu kuti phindu lake kwa inu ndi laling'ono kwambiri, ndipo lidzakhalapo pokhapokha ngati mudzilipira ngongole yonse mwezi uliwonse osasiyako ngakhale randi imodzi. Mfundo imeneyi yachokera m'manambala anu omwe, choncho tiyeni tiwawerengere limodzi.

Ndi khadi lagolide, 2 peresenti ya R2,300 ndi R46, malita 75 pa masenti 30 akupereka R22.50, ndipo theka la peresenti ya R1,100 ndi R5.50. Zonse pamodzi ndi R74, pomwe khadilo mukulilipira R75, kutanthauza kuti mwezi uliwonse mukutaya randi imodzi. Ndi la platinum mupeza R92 musupamaketi, R45 papetulo ndi R5.50 pa zinazo, zomwe ndi R142.50, ndipo tikachotsapo R130 ya khadilo mutsala ndi R12.50 pamwezi, kapena R150 pachaka. Ndi lakuda mupeza R115, R60 ndi R11, zomwe zikukwana R186, koma popeza khadilo ndi la R260, mudzilowa m'thumba R74 mwezi uliwonse, yomwe pachaka ndi R888. Mtsikana uja sananame ponena kuti lakuda limabweza zambiri kuposa enawo, chifukwa R186 ikuposadi R142.50. Chimene sanakuwerengereni ndi ndalama yotsala m'manja mwanu banki ikatenga gawo lake.

Chifukwa chachikulu chimene makhadi apamwamba sakukomerani n'chakuti ndalama zanu zikuluzikulu sizidutsa pakhadi. Lendi, ndalama ya kumudzi ndi fizi ya mwana zikukwana R10,900, yomwe ndi yoposa theka la malipiro anu, ndipo palibe pointi ya mphotho ngakhale imodzi imene mungakolole pamenepo. Usipa wa ku Yeoville nawo mumagula ndi kashi. Khadi likuona pafupifupi R5,000 yokha pamwezi, ndipo makhadi akudawa anakonzera anthu amene amaswayipa ndalama zochuluka kuposa pamenepo kangapo. Mwina mungaganize zoti muzilipira landilodi kapena kutumiza ya mayi kudzera pakhadi la ngongolelo kuti mapointi achuluke, koma musayerekeze. Mukachotsa ndalama pakhadi la ngongole n'kuitumiza ku akaunti ina, banki imaziona ngati mwatapa kashi, motero sikupatsani mphotho iliyonse, ndipo chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo. Ya kumudziyo pitirizani kuitumiza kuchokera mu akaunti ya malipiro anu kudzera ku Mukuru, Mama Money, Hello Paisa kapena njira ina imene munazolowera, mayi azilandirira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba monga mwa nthawi zonse.

Tsopano tikambe za kaliwu kakuti "mpaka", chifukwa ndi pamene anthu ambiri amakodwa. Akati khadi limabweza mpaka 15 peresenti, ndiye kuti 15 peresentiyo ili pasitepe yachisanu, pamwamba penipeni, ndipo inu muli pachiwiri pamene lakudalo likubweza 5 peresenti. Kuti munthu akwere masitepe amenewa, banki imafuna kuti achite nayo malonda enanso. Nthawi zambiri imayang'ana ngati malipiro anu amalowera kwa iyo, ngati muli ndi ndalama yosunga yokwana mlingo wakutiwakuti, ngati munagula inshuwalansi ya maliro kapena ya galimoto kwa iyo, ngati muli ndi ngongole ya nyumba kapena ya galimoto kumeneko, komanso ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yake ya pafoni polipira zinthu. Zina mwa zimenezi n'zaulere ndipo n'koyenera kuzichita, monga kulipira mabilu pafoni m'malo mopita kukauntala. Koma kusamutsa inshuwalansi ya maliro imene mwailipira zaka zambiri, makamaka ngati ndi ija yolonjeza kunyamula thupi kupita nalo kumudzi, n'cholinga chongofuna kukwera sitepe imodzi ya mapointi, ndi nkhani yofunika kuiganizira payokha mofatsa, chifukwa inshuwalansi yatsopano kawirikawiri imakhala ndi miyezi yodikira isanayambe kulipira. Dziwaninso kuti masitepewa amawunikidwanso kawirikawiri, moti munthu amene ali pachinayi mwezi uno akhoza kudzuka ali pachiwiri chifukwa chakuti watapako ndalama imene anasunga kuti athandize pamaliro. Pamwamba pa izi, pafupifupi ndondomeko iliyonse ya mphotho imaika malire pa ndalama imene ingabale mapointi pamwezi, kotero kuti peresenti yaikuluyo imagwira ntchito pa gawo lokha la zimene mwagula.

Zimenezi si za banki yanu yokha, chifukwa mabanki onse akuluakulu a muno mu South Africa ali ndi ndondomeko zoterezi. FNB ili ndi eBucks, imene inayamba mu 2000, Standard Bank ili ndi UCount, Nedbank ili ndi Greenbacks, Absa ili ndi Absa Rewards, Capitec ili ndi Live Better, ndipo Discovery Bank imapereka Discovery Miles. Iliyonse ili ndi anzake amene imagwirizana nawo, moti pa nkhani ya petulo wa FNB amayenera kuthira ku Engen, wa Absa ku Sasol, pomwe wa Nedbank ku BP. Apa pali mfundo ziwiri zofunika kwa inu. Yoyamba ndi yakuti pointi si randi: ku eBucks, mwachitsanzo, mapointi 10 ndi amene amapanga R1, choncho munthu akamadzitama kuti ali ndi mapointi 3,000, ndalama yake ndi R300. Yachiwiri ndi yakuti migwirizano imeneyi imasintha popanda inu kufunsidwa. Mu 2025 FNB inasiya Checkers n'kuyamba kugwirizana ndi Pick n Pay, pomwe Standard Bank inatenga Shoprite ndi Checkers, ndipo anthu amene anasankha khadi chifukwa cha sitolo ya pafupi ndi nyumba yawo anangozindikira kuti mphotho yawo yasamukira kutsidya lina la tauni. Masamu athu aja akudalira kuti supamaketi yanu ndi malo anu othira petulo zikhalabe pamgwirizano ndi banki. Ngati mudzafunika kuyendetsa galimoto makilomita angapo owonjezera kuti mupeze malo oyenera othirira, R12.50 ija idzathera m'njira momwemo.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi chiwongoladzanja. Lamulo la ngongole la dziko lino, National Credit Act la 2005, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la National Credit Regulator, limalola banki kulipiritsa pakhadi la ngongole chiwongoladzanja chofika mlingo wa repo (chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya South African Reserve Bank imalipiritsa mabanki ena ikawakongoza ndalama) kuphatikizapo 14 peresenti pachaka. Pamene repo inali pa 8.25 peresenti, kuyambira May 2023 mpaka September 2024, malire amenewa anali 22.25 peresenti, ndipo repo ikakhala pa 7 peresenti malirewo amakhala 21 peresenti. Munthu amene akutenga khadi la ngongole koyamba asayembekezere kupatsidwa mtengo wotsika kwambiri kuchoka pamalirewo. Tiyerekeze kuti mwezi wina zakuvutani, mwina kwagwa matenda ku Ntcheu, ndipo mwasiya R4,000 osalipira pa 21 peresenti. Chiwongoladzanja cha mwezi umodzi wokha ndi R70, yomwe ikumeza phindu lanu la khadi la platinum la miyezi yoposa isanu. Musaiwalenso kufunsa za ndalama yotsegulira ngongoleyo imene amalipiritsa kamodzi pachiyambi, chifukwa ngati ilipo, chaka choyamba chonse chikhoza kutha musanaone phindu lililonse.

Adzakuuzani kuti muli ndi masiku mpaka 55 opanda chiwongoladzanja, ndipo kaliwu kaja kabweranso apa. Masikuwa sawerengedwa kuchokera tsiku limene mwagula chinthu, koma amatsata tsiku limene sitetimenti yanu, kalata ya mwezi ndi mwezi yoonetsa ngongole yanu, imatuluka. Chimene mwagula tsiku lotsatira sitetimenti itangotuluka chimapeza pafupifupi masiku onse 55, pomwe chimene mwagula kutatsala tsiku limodzi kuti ituluke chimapeza pafupifupi 25 okha. Mwayi umenewu umagwira ntchito ngati mwalipira ndalama yonse yolembedwa pasitetimenti tsiku lomaliza lisanadutse. Pasitetimentipo pamakhalanso kandalama kochepa kamene banki imati mukhoza kulipira kokhako, ndipo mukatero dzina lanu silidetsedwa, koma yotsalayo imayamba kubereka. Njira yabwino ndi kuuza banki kuti izidula yokha ngongole yonse kuchokera mu akaunti ya malipiro anu, ndipo tsiku lodulira likhale tsiku limodzi kapena awiri malipiro atalowa.

Pali kamsampha kena kamene mudzakumana nako patilu. Mukapereka khadi la ngongole pogula chinthu chodula pang'ono, monga filiji kapena matayala, wogulitsa amakweza maso n'kufunsa mwachangu kuti "straight" kapena "budget", kumbuyo kwanu kuli mzere wa anthu amene akuthamangira ma taxi a madzulo. Ambiri amayankha kuti budget poganiza kuti liwulo likumveka losamala ndalama. Tanthauzo lake ndi lakuti mtengowo ugawidwe m'miyezi ingapo, ndipo pamenepo masiku aulere aja palibe, chiwongoladzanja chimayamba nthawi yomweyo. Inu yankho lanu lizikhala straight nthawi zonse, ndipo ngati mukuona kuti chinthucho simungathe kuchilipira chonse pakutha pa mwezi, ndiye kuti nthawi yochigula ndi khadi limeneli sinakwane.

Musanasaine chilichonse, bwererani kunthambi kuja mukafunse funso limene mtsikana uja sanalitchule: kodi khadi lanu la masiku onse, lija lotapira malipiro, limabweza zingati pasitepe yomweyo? M'ndondomeko zambiri khadi limenelo nalo limakolola mphotho, ngakhale kuti ndi yocheperapo, ndipo ngati likubweza ngakhale R30 pamwezi popanda malipiro owonjezera, ndiye kuti laposa makhadi atatu onse aja. Mufunsenso ngati pali mtengo umodzi wophatikiza akaunti ya malipiro ndi khadi la ngongole, chifukwa mabanki ena amatsitsa mtengo zikakhala pamodzi, ndipo zimenezi zikhoza kusintha masamu athu. Sindikunena kuti khadi la ngongole n'lopanda ntchito. Likagwiritsidwa ntchito bwino limamanga mbiri yanu kumabungwe osunga mbiri ya ngongole monga TransUnion ndi Experian, zomwe zidzakuthandizeni tsiku limene mudzafune ngongole ya galimoto kapena nyumba ya lendi yabwinoko, komanso makampani ambiri obwereketsa galimoto amafuna khadi la mtundu umenewu. Koma mbiri imeneyi lagolide limaimanga chimodzimodzi ndi lakuda. Onetsetsaninso kuti banki ili ndi pemiti yanu yatsopano nthawi iliyonse imene mwaiwonjezera, popeza lamulo la FICA limakakamiza mabanki kukhala ndi zikalata zolondola za makasitomala awo, ndipo akaunti ya munthu wochokera kunja ikhoza kuimitsidwa zikalata zikatha mphamvu, ngongole ili chikhalire.

Za anzanu akuntchitowo, asiyeni azinena. Inenso ndinatengapo khadi lakuda kubanki ina zaka zapitazo, chifukwa chakuti ndinkamva kukoma kuliponya patebulo tikamadya ndi anzanga, ndipo nditakhala pansi chaka chitatha kuti ndiwerengere, ndinapeza kuti m'chipinda cha pabwalo la ndege chija ndinalowamo kamodzi kokha, n'kumwamo kapu ya tiyi ndi sikono imodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mukawapempha anzanuwo kuti akuonetseni mapointi amene analandira mwezi watha pamodzi ndi chiwongoladzanja chimene analipira, mudzaona kuti nkhani isintha msanga.

Okondedwa Alangizi,

Ndine namwino pachipatala china cha ku Randburg, ndipo kwathu ndi ku Zomba. Ndimapita kumudzi kawiri pachaka: pa Khrisimasi ndimakwera ndege kukatsikira ku Chileka, ndipo pa Pasaka ndimakwera basi ku Park Station kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza. Ndili ndi khadi la platinum ndipo ngongole yake ndimalipira yonse mwezi uliwonse. Banki yanga ikundiimbira foni kuti ndikwere nditenge lakuda, lomwe ndi lodula ndi R130 pamwezi kuposa langali, ndipo akuti n'loyenera anthu oyendayenda chifukwa cha chipinda chopumuliramo cha pabwalo la ndege ndi inshuwalansi ya paulendo. Kodi kwa munthu woyenda ngati ine n'lothandiza? Nanga ndikafika kumudzi, ndi bwino kugwiritsa ntchito khadi la kunoli?

Mayi a ku Randburg

Mayi, R130 pamwezi ndi R1,560 pachaka, ndipo inu mumanyamuka pa OR Tambo kamodzi pachaka. Ulendo wa pa Pasaka sukuwerengedwa n'komwe, chifukwa ku Park Station kulibe chipinda chotero, ndipo munthu amakhala pachikwama chake kudikira kuti kondakitala amalize kukweza katundu. Ndiye kuti mudzalipira R1,560 kuti mukhale pampando wofewa kwa maola awiri, pomwe ndalama imeneyo ingakugulireni chakudya chabwino m'lesitilanti iliyonse ya pabwalopo n'kutsalanso yogulira achibale mphatso. Anthu amene chipindachi chimawapindulira ndi aja amene amauluka mwezi ndi mwezi pa ntchito, monga opita ku Cape Town kapena ku Durban. Dziwaninso kuti maulendo olowa ulere m'zipinda zimenezi, monga SLOW Lounge kapena Bidvest Premier Lounge, amakhala owerengeka pachaka, ndipo kumabanki ena chiwerengerocho chimatengera sitepe imene muli, kotero kuti kukhala ndi khadi lakuda pakokha sikutsegula chitseko nthawi zonse.

Pa za inshuwalansi ya paulendo, yambani mwawerenga zimene khadi lanu la platinum limapereka kale, chifukwa makhadi ambiri a ngongole a muno amapereka inshuwalansi yoyambira kwa munthu amene wagula tikiti ya ndege yopita kunja ndi kubwerera pogwiritsa ntchito khadilo. Mfundo yofunika ndi imeneyo, yakuti tikitiyo ilipiridwe ndi khadilo. Mukagula ndi kashi kwa ejenti, kapena m'bale wanu akakugulirani ndi khadi lake, musayembekezere kuti khadi lanu likutetezani. Inshuwalansi imeneyi imakhalanso ndi malire a zaka zakubadwa ndiponso malamulo okhudza matenda amene munthu anali nawo kale, zomwe muyenera kuziyang'ana ngati mukugulira tikiti mayi anu okalamba kuti adzakuoneni kuno. Tikiti ya Khrisimasiyo ndi chinthu chimodzi chachikulu chimene ndingakulimbikitseni kugula ndi khadi, popeza mupezapo mapointi ndi chitetezo nthawi imodzi, bola ndalama yake ikhale ilipo kale mu akaunti kuti muibweze sitetimenti ikatuluka.

Mukafika kumudzi nkhani imasintha. Malawi sali m'gulu la mayiko a Common Monetary Area, momwe muli South Africa, Lesotho, Namibia ndi Eswatini, choncho nthawi iliyonse imene mwaswayipa ku Blantyre kapena ku Zomba, banki imasintha kwacha kukhala randi ndipo mabanki ambiri amawonjezerapo malipiro osinthira ndalama, omwe amawerengedwa ngati gawo la mtengo wa chimene mwagula. Malipiro amenewa amalembedwa m'kabuku ka mitengo kamene banki imatulutsa chaka chilichonse, ndipo mukawayerekeza ndi theka la peresenti kapena 1 peresenti imene khadi limabweza pa zinthu wamba, mudzaona kuti mphotho yonse yamezedwa. Kutapa kashi pamakina a ATM ndi khadi la ngongole ndiye kodula kwambiri, chifukwa pamakhala malipiro otapira kunja, malipiro osinthira, ndi chiwongoladzanja choyamba tsiku lomwelo. Khadilo lisungeni kuti muzilipirira hotelo, mafuta a galimoto pamalo amene amalandira makhadi, kapena chipatala pakagwa zadzidzidzi, koma ndalama yogulira matemba ndi tomato mumsika wa Zomba muitumiziretu pa nambala yanu ya foni ya ku Malawi musananyamuke. Kumbukiraninso kanthu kamene kamasowetsa anthu mtendere chaka chilichonse: mukachotsa simu ya kuno n'kuikamo ya TNM kapena Airtel, timanambala tachinsinsi timene banki imatumiza kuti muvomereze malipiro timapita kusimu ija mwaisunga m'chikwama. Konzani zoti muzivomereza kudzera mu pulogalamu ya banki ya pafoni, ndipo muiyese mukadali kuno. Khalanibe pa platinum, ndipo akakuimbiraninso muwauze kuti akutumizireni zonse m'kalata.

Okondedwa Alangizi,

Ine lakudalo ndinatenga kale chaka chatha, ndipo ndimalilipira R260 pamwezi. Pakali pano lili ndi ngongole ya R18,000 pa 21 peresenti, ndipo ndimangokwanitsa kandalama kochepa kaja kamene amalemba pasitetimenti. Ndikufuna kutsika kupita ku lagolide la R75, koma ndikuopa kutaya mapointi anga, omwe akukwana R420. Ndichite bwanji?

Achimwene anu a ku Cosmo City

Achimwene, chiwongoladzanja cha R18,000 pa 21 peresenti ndi R315 pamwezi, ndipo mukaphatikiza ndi R260 ya khadi mukupereka R575 mwezi uliwonse ngongole yeniyeniyo musanaikhudze n'komwe. R420 imene mukuiteteza ndi yochepa kuposa zimene mukutaya m'mwezi umodzi. Mapointiwo muwagwiritse ntchito sabata ino pogula golosale kapena petulo, ndipo kashi imene mukanagulira zinthuzo muiponye pangongole. Mukatero pemphani banki kuti ikutsitseni kupita ku lagolide, ndipo mufunse kuti ikutsimikizireni m'kalata ngati chiwongoladzanja chanu chikhale chomwecho mukatsika komanso ngati akaunti ikhale yomweyo, kuti mbiri yanu ya ngongole isaduke. R185 imene muzipulumutsa mwezi uliwonse izipita pangongole, pamwamba pa kandalama kochepa kaja, ndipo khadilo mulisiye kunyumba kufikira ngongole itatha, chifukwa chilichonse chimene mungagule nalo panopa chikubereka chiwongoladzanja choposa mphotho yake. Lamulo limakulolaninso kulembera banki kuti itsitse malire a ndalama imene mungakongole, ndipo ndi bwino kumawatsitsa pamene ngongole ikuchepa.

Yang'anani pasitetimenti yanu ngati pali inshuwalansi ya ngongole, ija imene imalipira munthu akamwalira, akalumala kapena akachotsedwa ntchito. Kuyambira mu August 2017 mtengo wake pangongole za mtundu umenewu suloledwa kuposa R4.50 pa R1,000 iliyonse, ndiye pa R18,000 isapitirire R81 pamwezi. Muli ndi ufulu woona lipoti la mbiri yanu ya ngongole kwaulere kamodzi pachaka kubungwe lililonse losunga mbirizi, ndipo ndi bwino kuliona tsopano zinthu zisanafike poipa. Mukaona kuti ngakhale kandalama kochepako kayamba kukuvutani, musathamangire kwa akatapila, koma lankhulani ndi banki msanga, kapena pitani kwa mlangizi wa ngongole wolembetsedwa ku National Credit Regulator, podziwa kuti munthu amene walowa m'ndondomeko yawo yokonzanso kabwezedwe ka ngongole saloledwa kutenga ngongole ina mpaka atamaliza. Ngati banki ikuzengereza kukutsitsani kapena ikupitiriza kudula R260 mutapempha kale, sungani nambala ya dandaulo lanu imene adzakupatseni, ndipo mukalephera kumvana nawo mukadandaule ku National Financial Ombud Scheme, ofesi imene inayamba ntchito pa 1 March 2024 ndipo imamva madandaulo okhudza mabanki ndi ngongole popanda kulipiritsa wodandaula.